Lee-Enfield yanga ikumakana kulira ndi zipolopolo zakale za usilikali, vuto ndi mfuti kapena zipolopolo?

mdzukulu_wa_KAR

Moni nonse akuluakulu a pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga osalembapo kanthu koma lero zandikulira ndiye ndati ndifunse kwa odziwa, paja safunsa anadya phula. Ine ndimakhala kuno ku Joni mbali ya Benoni, papita zaka ndithu, mapepala okhalira ndili ndi a permanent ndipo chaka chatha laisensi ya mfuti inatuluka nditadikira mpaka kutopa. Mfuti yake ndi Lee-Enfield No.4 ya .303, pambali palembedwa Long Branch 1943, zija zopangidwa ku Canada. Sindinaigulire ulenje ayi. Agogo anga aamuna anali msilikali wa KAR (King's African Rifles), anachokera ku Zomba nkukamenya nkhondo ku Burma, ndiye tili ana ankakonda kutifotokozera za mfuti imeneyi madzulo pakhonde, amatenga mpini wa khasu nkumationetsa mmene ankakokera bolt, chitsulo cholowetsa chipolopolo nkutseka mfuti kumbuyo, osachotsa tsaya pa thabwa la mfuti. Tsiku lomwe ndinaiona mu shopu mtima unangoti ndi yomweyi basi.

Vuto langa ndi ili. Chigulireni ndakhala ndikuombera zipolopolo zatsopano za mu shopu, mabokosi awiri, palibe ngakhale chimodzi chinakana. Ndiye mwezi watha dealer wina anali ndi zakale za usilikali zotchipa, akuti zinachokera kwa mdala wina amene anamwalira, ndinagula 60, zina zili mma charger, tizitsulo togwira zisanuzisanu, zina zili mu bandolier, lamba wa nsalu wonyamulira zipolopolo, yonunkha chinyontho. Pansi pake zina palembedwa VII ndi 1943, zina 7 ndi 52, kutanthauza chaka cha 1952. Loweruka lapitali ndinalawirira ku renji, malo oyesererako kuombera, kuli chisanu chija cha July udzu utachita kuyera, ndinatenga 20. Abale, mwa 20 zimenezo 7 zinakana. Kukoka tiriga ungomva tche, kenako zii. Zoyamba zija ndimangotsegula bolt pompo nkuchitaya pambali nkulowetsa china. Kenako china chinati tche, ine nkuyamba kudzutsa mutu dzanja likupita ku bolt, chili phuu! Mfuti inandimenya paphewa ndisanakonzeke, range officer (RO, woyang'anira chitetezo pa renji) anathamangira pomwe ndinali nkundiimitsa. Mpaka pano ndikakumbukira mtima umagunda.

Ndiye ndithandizeni, ndi mfuti yatopa kapena zipolopolozi zinafa kale? Zotsala 40 nditaye? Zokana zija ndazisunga mu kachitini padera.

Madala_a_ku_Polokwane

Achimwene, tisanakambe za sipuling'i kapena china chilichonse, tithokoze kaye kuti maso onse awiri muli nawo. Chomwe chinakuchitikirani chimatchedwa hangfire, primer, kabatani ka pansi pa chipolopolo koyatsa wonga, yagwira moto koma mofooka, ndiye ikunyeka pang'onopang'ono mpaka wonga ugwire. Zimatha kutenga kamphindi kochepa koti simungawerenge nkomwe, zimathanso kutenga masekondi angapo. Mukanakhala mutadzutsa kale chogwirira cha bolt chija, chipolopolo chikanaphulika bolt isanakhomeke, chigoba cha brass chija nkung'ambika, tizidutswa ndi mpweya wamoto nkubwerera kumaso kwanu, bolt nayo nkubwerera mwamphamvu padzanja. Si nkhani yongoopsezana iyi.

Ndiye kuyambira lero, mfuti ikati tche osalira musasunthe. Tsaya likhale pomwepo, mpope uloze ku target, dzanja lisakhudze bolt, muwerenge. Ambiri amaphunzitsa masekondi 30, ine pa zipolopolo za zaka 80 ngati zanuzo ndimawerenga mpaka 60 ndipo sindichita nazo manyazi ngakhale anthu akundiyang'ana. Mukamatsegula tembenuzirani nkhope kumbali ndipo magalasi otetezera maso asachoke.

Tsopano za funso lanulo. Yankho lili mu kachitini mwasungamo. Tengani zokana zija chimodzichimodzi muyang'ane pansi pa primer, pomwe firing pin, kamsomali ka mkati mwa bolt, inamenya, mufanizire ndi zigoba za zomwe zinalira bwinobwino. Ngati kadzenje kake ndi kakuya kofanana ndi ka zolira zija, mfuti inagwira ntchito yake, primer ndi yomwe inafa. Ngati kadzenje ndi kosaya, kongokhala ngati mwakanda ndi msomali, ndiye mfuti ikumenya mofooka. Musadabwe mukapeza mitundu yonse iwiri, kawirikawiri pa mfuti zakalezi mavuto amabwera awiri nthawi imodzi ndipo munthu amakonza limodzi nkumadabwa kuti bwanji zikupitirirabe.

Mwanena kuti zatsopano za mu shopu zonse zinalira, izo zisakunamizeni kuti mfuti ili bwino. Primer za usilikali zambiri ndi zolimba kuposa za ulenje, anazipanga dala choncho poti zipolopolo zomwezo zimalowanso mu Vickers ndi mu Bren, mfuti za chiwaya zomenya mwankhanza. Ndiye mfuti yomenya mofooka itha kumaliza bokosi lonse la zatsopano osakana koma nkugonja ikakumana ndi zausilikali, makamaka zokalamba zomwe mankhwala ake a mu primer afooka kale.

Zomwe zimafooketsa kumenya pa No.4 ndi izi, ndiyambira zosafuna ndalama. Safety, loko ya mfuti ija ya kumanzere, ikhale itapita kutsogolo mpaka pamapeto, ikatsalira pang'ono imakhula cocking piece, kachitsulo ka kumbuyo kwa bolt kolumikizana ndi firing pin, nkuidyera mphamvu. Chogwirira cha bolt chitsike mpaka pansi penipeni, chikatsala m'mwamba pang'ono mphamvu ya sipuling'i yokankha firing pin imathera kutseka bolt mmalo momenya primer, ndipo izi zimachitika kwambiri munthu akavala magolovesi kapena zala zikauma ndi chisanu. Kenako girisi. Mfuti izi poziika mu stoo ankazipaka girisi wambiri mpaka mkati mwa bolt, ndipo anthu ambiri amapukuta kunja kokha. Girisi wa zaka makumimakumi amauma nkukhala ngati phula, kukazizira ndiye amalimbiratu, sipuling'i imayenda ngati ili m'matope. Inu mwati kunali chisanu cha m'mawa, ine ndikukayikira pamenepa kwambiri.

Zikapitirira apo ndi za gunsmith, mmisiri wa mfuti. Firing pin ikatuluka pa nkhope ya bolt iyenera kutuluka pakati pa .040 ndi .050 ya inchi, ndiko kuti milimita imodzi nkupitirirako pang'ono, ikaperewera siifika bwino. Palinso headspace. Chipolopolo cha .303 chimatsamira pa rim, kamkombero kapansi kaja, ndiye mpata wa pakati pa nkhope ya bolt ndi pomwe mkombero umakhala ukakula, firing pin imayamba yakankha chipolopolo kutsogolo isanachimenye. Asilikali ankayeza mpatawo ndi tizitsulo tiwiri toyezera (ma gauge), bolt itseke pa .064 koma isatseke pa .074 ya inchi. Ubwino wa No.4 ndi woti mutu wa bolt umamasuka ndipo ilipo ya nambala 0, 1, 2 ndi 3 yosiyana kutalika, ndiye zimakonzeka osasintha mpope. Koma musangogula nambala yaikulu pa intaneti nkumanga, mitu iwiri ya nambala imodzi simakhala yofanana ndendende nthawi zonse, ayeze munthu wa zida zake. Onaninso nambala ili kumbuyo kwa chogwirira cha bolt ngati ikufanana ndi ya pa mfuti, zambiri zinasinthanitsidwa ma bolt pa zaka zonsezi.

wa_ku_Indiana

Zomwe anena madalawa ndi zoona zokhazokha makamaka za girisi. Ine kuno ku South Bend ndili ndi Mosin-Nagant 91/30 ya ku Russia, chipolopolo chake 7.62x54R nacho ndi cha mkombero ngati chanucho, ndipo nditangoigula inandichita zomwezo mu January kuli snow, zipolopolo zochokera mu chitini chachitsulo chija cha 440 chomata ngati cha nyama, chongotsegula kumene zonyezimira bwinobwino koma kumakana, ndimati mwina andigulitsa zakufa. Kumasula bolt kupeza girisi wa mu stoo uja, cosmoline, wadzadza thoo mkati, wabulauni womata ngati uchi wouma. Ndinaviika zonse mu mineral spirits usiku onse, kwanuko palafini agwira ntchito yomweyo, kutsuka ndi kaburashi, kupukuta, kudonthezera oyilo pang'ono chabe osati kuthira ngati mukukazinga, kuyambira pomwepo sinakanenso.

Kusiyana kwake nkoti Mosin bolt yake umamasula ndi manja ndipo kachitsulo kamene imabwera nako kali ndi timipata toyezera tolembedwa 75 ndi 95, firing pin umachita kuipotokola mpaka ifike pakati pamenepo. Enfield si choncho achimwene musatengere za ine, manambala ake ndi ena komanso kuti muchotse firing pin pamafunika kachida kake ka mano awiri kolowera kutsogolo mutachotsa mutu wa bolt, ndipo kumbuyo kuli kasikuluwu kogwira komwe mumayamba mwamasula. Ndinaonapo ya mnzanga ataiononga ndi pulayazi. Ngati mulibe chidacho pitani nayo kwa gunsmith basi ndi ntchito ya mphindi zochepa.

nyamata_wa_ku_Durban

Ine ndiye ndingoti bwezani zonse 40 bigman, maso sagulitsa mu shopu. Ndalama mwapulumutsa pa zotchipazo ndi zingati poyerekeza ndi chipatala. Kuno ku Durban ndi chinyezi chathuchi zakale zotere sitiziyesa nkomwe.

Mayi_RO

A mdzukulu, ine ndimathandizira ngati range officer kumapeto a sabata mbali ya Pretoria, ndiye ndiwonjezere ziwiri zomwe sizinatchulidwe, chifukwa zimenezi ndi zomwe zimandisowetsa tulo anthu akabwera ndi zipolopolo zakale.

Choyamba squib. Nthawi zina primer imalira koma wonga osagwira bwino, ndiye mutu wa chipolopolo umangoyenda pang'ono nkuima mkati mwa mpope. Mumamva kaphokoso kochepa ngati pho, paphewa osamva kumenya, mwina utsi nkutulukira kumbuyo potsegula. Munthu wachangu amangoti chakana nkulowetsa china, kuombera pamwamba pa mutu wotsekereza uja, mpope umatupa kapena kuphulika kumene. Inu mwati zoyamba mumangotsegula nkutaya pambali osayang'ana, chonde siyani. Chilichonse chotuluka muchione ngati mutu wake ulipo. Phokoso likamveka lachilendo, chotsani magazini, chotsani bolt yonse, musuzumire kuchokera kumbuyo muone kuwala mbali inayo. Pa bolt-action ndi zosavuta, palibe chifukwa chochitira ulesi.

Chachiwiri, kodi mutabwerako Loweruka munatsuka bwanji mpope? Zipolopolo za .303 za usilikali za zaka zimenezo zambiri primer zake ndi corrosive, zodyetsa mpope dzimbiri. Muli potassium chlorate, ikapsa imasiya mchere mu mpope, mchere umakoka chinyontho, dzimbiri limayamba pamasiku ochepa. Oyilo sasungunula mchere, amangouphimba. Chofunika ndi madzi otentha, asilikali akale ankathira madzi owira kuchokera ku chemba, pomwe chipolopolo chimakhala, kudzera mu fanelo mpaka mpope utenthe woti uume wokha, kenako nsalu youma, kenako oyilo. Nkhope ya bolt nayonso ipukutidwe ndi kansalu konyowa. Ngati munangopaka oyilo pitani mukaione lero lomwe.

Kuti muzizindikire, tengani chigoba chomwe chinalira muunikire mkati ndi tochi ya foni. Mukaona timabowo tiwiri tating'ono ndi primer ya mtundu wa Berdan, bowo limodzi pakati ndi Boxer. Izi pazokha sizikuuzani zonse, zilipo za Berdan zosadya mpope, koma ine lamulo langa ndi loti chilichonse chausilikali chakale chomwe sindikudziwa mbiri yake ndimachitenga ngati corrosive, madzi otentha sawononga kanthu. VII ija ndi Mark 7, mutu wolemera 174 grain, nkhondo itatha anayamba kulemba 7 wamba. Ngati palibe Z pambali pake ndiye mkati muli cordite, wonga wooneka ngati timitengo ta tsache tofiirira, pakakhala Z ndi wonga wina wa nitrocellulose. Cordite payokha imapirira zaka, chomwe chimayamba kufa kawirikawiri ndi primer, ndipo chimaipha ndi kasungidwe, kutentha masana kuzizira usiku mu galaja ya malata zaka ndi zaka. Nchifukwa chake wina amakuuzani kuti za 1943 zake zimalira zonse wina nkumati zake zonse zakufa, onse akunena zoona. Bandolier yonunkha chinyontho mwatchulayo ikundiuza zambiri.

Sindikugwirizana kwathunthu ndi a ku Durban kuti zonse zibwezedwe musanaone, koma zisankheni. Chilichonse chokhala ndi zobiriwira kuzungulira primer, khosi long'ambika, kapena mutu wogwedezeka, chimenecho ayi. Zokanazo musazitaye mu bini, musaziponye pamoto, musayese kuzigogoda kapena kuzitsegula kunyumba. Ma renji ambiri ali ndi bokosi lake la zokana, apo ayi mubwezere dealer. Ndipo poti ndinu atsopano, kumbukirani kuti Firearms Control Act ya 2000 imalola zipolopolo zosapitirira 200 pa mfuti iliyonse yomwe muli nayo laisensi pokhapokha mutakhala dedicated, mlenje kapena wa masewera oombera wovomerezeka ndi bungwe, ndiye zotchipa zikapezeka musakokere mulu.

mdzukulu_wa_KAR

Pepani ndinasowa, ndimafuna ndibwere ndi zenizeni. Zikomo kwambiri nonse, madala a ku Polokwane ndi amayi a RO mwandiphunzitsa zomwe pa competency, maphunziro opezera laisensi aja, sindinazimvetse bwino.

Amayi munalasa. Usiku womwewo nditawerenga ndinatsegula sefa yosungiramo mfuti nkupititsa kansalu mu mpope, kanatuluka kofiirira ngati dothi la katondo, patangotha masiku anayi okha. Ndinangopaka oyilo tsiku lija. Ndinawiritsa ketulo pompo, akunyumba akudabwa kuti tiyi wa 11 koloko usiku ndi wachani, ndinathira kokwana kawiri mpaka mpope osagwirika, mwamwayi linali dzimbiri la pamwamba chabe lachoka.

Zokana zija ndinaziyala pa tebulo pansi pa getsi monga munanenera madala. Mwa 7, zinayi kadzenje kosaya koti kuchita kupendeketsa kuti ukaone, zitatu kadzenje kakuya bwinobwino chimodzimodzi zolira zija. Zitatu zakuyazo zonse za 1943. Ndiye mavuto analidi awiri.

Lachisanu ndinapita nayo kwa gunsmith, ndinaima pompo akumasula. Atasolola firing pin ndi sipuling'i, abale, sipuling'i yonse inali yokutidwa ndi zinthu zabulauni zouma, mipata ya pakati pa mawaya osaoneka, amachita kupala ndi kamtengo zikugwa ngati nkhoko za mumphika. Akuti mwina chichokereni mu stoo ya asilikali palibe anatsegulamo. Anatsuka, anaika sipuling'i yatsopano poti yakaleyo inali itafupikako poyerekeza ndi yatsopanoyo, anayeza firing pin ili mkati mwa muyezo, headspace bolt inatseka pa gauge yaing'ono nkukana pa yaikulu ija, nambala ya bolt ikufanana ndi ya mfuti, mutu wake ndi nambala 1. Ndinapuma.

Dzulo ndinabwerera ku renji, ndinauziratu range officer kuti ndili ndi zakale ndipo anaima pambali panga. Ndinasankha 15 zooneka bwino, 10 za 52 ndi 5 za 1943. Za 52 zonse zinalira bwino kwambiri. Za 1943 zitatu zinalira koma chimodzi mwa izo ndinamva kuti chachedwako pang'ono, tche-phuu, ziwiri zinakaniratu. Ndinawerenga mpaka 60 tsaya lili pa thabwa, masekondi 60 ndi ambiri ukamadikira chinthu choti chitha kulira nthawi iliyonse, thukuta linatuluka ngakhale kunali kozizira. Potulutsa, kadzenje kakuya bwino. Ndiye za 1943 zonse ndazisiya, mwa 25 zotsala 11 ndi zimenezo ndipo ndikazibweza limodzi ndi zokana zija. Za 52 ndizimaliza pang'onopang'ono ketulo ili pafupi.

Funso lomaliza madala, range officer anandionetsa kuti pa Enfield utha kukoka cocking piece ndi chala nkumenyanso kachiwiri osatsegula bolt, kodi ndi bwino? Komanso zigoba za 1943 zomwe zinalira ndazisunga, ndikuganiza zopita nacho chimodzi kumudzi pa Khirisimasi ndikawaonetse amalume, poti ndi chaka chomwe bambo awo anali ku usilikali.

Madala_a_ku_Polokwane

Mwachita bwino achimwene, ndipo nkhani ya agogo anuyo yandikhudza, a 11th East African Division anavutika kwambiri mu chigwa cha Kabaw mu 1944 nthawi ya mvula, matope ndi malungo, ndipo anyamata a ku Nyasaland anali momwemo atanyamula .303.

Za kumenya kachiwiri, inde mfuti imalola, koma pokhapokha mutamaliza kuwerenga 60 yanu, mpope uli ku target, thabwa lili paphewa ndipo range officer wavomera. Mugwire cocking piece mwamphamvu mpaka imveke kuti yakola kumapeto, chifukwa ikakupulumukani panjira imakakodwa pa half-cock, pamenepo tiriga sikoka bolt nayo sitseguka, ndiye munthu amasokonezeka nkuyamba kulimbana ndi mfuti yoti muli chipolopolo chomenyedwa kale. Zikatero mungoikokanso kumbuyo mpaka pamapeto. Chikakana kachiwiri muwerengenso 60 ina nkuchitulutsa, kachitatu palibe. Koma poti mfuti yanu tsopano ikumenya mwamphamvu, chokana pa kumenya koyamba ine sindingachipatsenso mwayi, kumenya kachiwiri kumathandiza pomwe vuto linali kumenya kofooka.

Za chigobacho ndikupempheni, musachinyamule. Laisensi yanu imathera pa Beitbridge, kutsogoloko muli ndi Zimbabwe, Mozambique, kenako Mwanza kapena Dedza, ndipo wapolisi akachipeza mu chikwama pa roadblock simudzakhala ndi nthawi yomufotokozera za agogo, basi idzakusiyani pomwepo. Pa ndege ndiye chimaonekera pa sikana. Chijambuleni bwinobwino pansi pake chaka chioneke, mujambulenso mfutiyo pomwe palembedwa 1943, amalume mukawaonetse pa foni. Ndipo mawa kapena mkuja mubwerezenso kupititsa kansalu mu mpope muone ngati katuluke koyera, mchere wina umabisala pafupi ndi chemba ndipo umaonekera pakatha masiku awiri atatu.